Chitenje cha Mkazi Wanga pa Zenera la Thiraki

Abusa, moni. Akulu a mpingo, amayi, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ndati aleluya! Mwayankha motsitsa, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andinong'oneza kuti ndilankhule mofatsa. Abusa, ndiyesetsa, koma sindikulonjeza, chifukwa mtima wanga lero ukutentha ngati tala wa pa Ngabu masana.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine bambo a Tadala. Ndimamata matayala pamsewu waukulu, pafupi ndi pomwe mathiraki amaima podikira kupakira thonje. Sukulu ndinafika Folomu 4, koma za madalaivala sindinaziwerenge m'buku, ndimakhala nawo tsiku lililonse. Anthu amenewa sangabwere kutchalitchi kuno. Akasiya thiraki yokha, pobwerera apeza mafuta apopedwa, batire yapita, ndipo bwana wawo sadzafunsa kuti ulaliki unali bwanji, adzangowachotsa ntchito. Amaphika pansi pa thiraki, amagona m'thiraki, amadwalira m'thiraki. Ndiye ine ndinati, ngati iwo sangabwere kwa Mulungu, Mawu ndiwapititsira komweko. Ndikamaliza kupopa tayala ndimatsegula Baibulo. Ena amandiseka, ena amandituma ndudu, koma ena amagwada pafumbi lomwelo n'kulira.

Mpingo uno unati chiyani? "Kumeneko n'kwa mahule." Inde, atsikana oyendayenda aliko, sindikukana, ndipo Yesu anawafera nawonso. Zonena za ine ndinkangozimva. Khungu langa ndi lolimba ngati tayala. Koma munalakwitsa pamene munakhudza mkazi wanga. Pamenepo ndiye munalakwitsa!

Mvetserani. Chaka chatha, nthawi ya dzuwa lija lophetsa nkhuku, panafika dalaivala wa ku Mozambiki, a Domingo, munthu wolankhula Chisena. Ndinapemphera nawo kangapo. Tsiku lina Lachinayi sanatsike m'thiraki. Ndinakwera, ndinawapeza akunjenjemera, thupi lili moto. Malungo. Ndinati tiyeni kuchipatala. Anakana: "Nkhabe, m'bale wanga. Ndikasiya galimoto, ana anga adya chiyani?"

Nthawi yomweyo amake Tadala anafika ndi chakudya changa, ali paulendo wopita kumsonkhano wa amayi. M'chikwama munali chitenje cha amayi a mpingo uno, chochapachapa, chosita bwino. Inu mukudziwa mmene m'thiraki mumatenthera dzuwa likamenya galasi. Munthu wodwala akhoza kupsa ngati mbatata. Mkazi wanga sanafunse kuti munthuyu ndi wa mpingo uti. Anangotulutsa chitenje n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, kanyowetseni ichi pamjigo, muchipachike pazenera, munthuyu atifera m'manja." Ndinatero. Iye anapita kumsonkhano wopanda chitenje. Ine ndinathamanga kukatenga wa zaumoyo, anawayeza magazi, anawapatsa mankhwala. Chitenje chinakhala pazenera mpaka a Domingo atapeza bwino, ine ndikuchinyowetsa chikauma. Thonje litapakiridwa ananyamuka ine ndili kumaliro ku Katunga, chitenje chinapita nawo limodzi.

Tsono pa Ngabu pali chizolowezi chonyansa. Anthu akaona chitenje chatchinga zenera la thiraki, amati m'katimo muli mkazi. Safunsa. Akabaza anayamba: "Shefu, chitenje cha mpingo wanu chikulalikira pathiraki!" Ndinawatukwana, ndinaiwala. Sindinadziwe kuti nkhaniyo yakwera kabaza, yalowa kumsika, yadutsa kuchigayo, yafika pa mabenchi muli kukhalapo amenewa.

Amayi, ndikulankhula ndi inu tsopano. Musayang'ane pansi, pansipo palibe chimene mwataya. Munamufunsa: "Amake Tadala, chitenje chili kuti?" Iye anakufotokozerani zonse, bwinobwino. Mmodzi wa inu, dzina sinditchula koma akundimva, anaseka n'kunena kuti, "Malungo ake ati ochira ndi chitenje?" Nonse munaseka. Wina anawonjezera kuti mwamuna wake ndiye amamupezera makasitomala, n'chifukwa chake sachoka kumathiraki. Ine! Ine kugulitsa mayi wa ana anga! Mawu amenewo anatuluka m'kamwa momwe mumalowa mgonero wa Ambuye!

Chaka chilichonse mpingo uno umakonza tsiku lothandiza okalamba ndi amene madzi osefukira anawagwetsera nyumba. Timawaphikira, timawagawira ufa, sopo ndi zovala. Amene ankatsogolera zophika ndani? Nenani! Amake Tadala. Amene ankadziwa kuti gogo uyu alibe mano, nyama yake ifewe, ndani? Koma chaka chino munamuuza kuti, "Mayi, mupume kaye, musayandikire mapoto." Ngati kuti manja ake ali ndi khate. Munthu amene ankayambitsa nyimbo muno anasamukira benchi yakumbuyo, pakamwa ali chete. Anasiya kudya. Mkulu wake anachoka ku Maseya kudzamufunsa ngati zili zoona, chifukwa nkhaniyo inafika mpaka kwa amalume ake. Mwana wathu wamkazi anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake amuimba nyimbo. Dzina la mkazi, abale, likadetsedwa, silichapika ndi sopo.

Ndinapita kwa akulu a mpingo. Ndinati ine ndinalipo, chitenje ndinapachika ndi manja angawa. Anati, "Inu ndinu mwamuna wake, simungachitire mwina. Bweretsani dalaivalayo." Ndikamutenga kuti? Nambala yake inali ya ku Mozambiki, yosapezeka. Ndinatuluka nditamenyetsa chitseko, ndipo chitsekocho mpaka lero sichitsekeka bwino. Ndidzachikonza.

Kenako ndinakangana ndi Mulungu. Inde, ndinakangana naye. Ndinati, "Ambuye, ndapsa ndi dzuwa chifukwa cha Mawu anu, ndapuma utsi wa dizilo chifukwa cha Mawu anu, malipiro ake ndi amenewa? Kuyambira lero Baibulo likhale kunyumba. Ndizingomata matayala basi." Mkazi wanga anandimva. Mukudziwa chimene ananena? Anati, "Mukasiya, ndiye kuti mwavomera bodza lawo. Tengani Baibulo, pitani." Munthu amene inu munamuponda ndiye anandibwezera kuntchito ya Mulungu.

Ndinapita, koma ndinkalalikira mokwiya. Dalaivala aliyense amene ndinapemphera naye ndinkamuuza nkhaniyi, osati kuti andithandize, koma chifukwa pakamwa panga sipatsekeka. Sindinaganize kuti madalaivala nawo ali ndi msika wawo wa nkhani. Pomwe amwera tiyi, pomwe adikira mapepala pachipata cha malire, amauzana zonse. Nkhani inayenda kuchoka pa thiraki ina kupita pa ina mpaka inawapeza a Domingo kutali uko.

Tsono dzulo, tsiku lothandiza okalamba lija. Nonse munalipo, sindikupeka. Mapoto ali pamoto, okalamba akhala pansi pa mtengo wa nimu. Amake Tadala anabwera ngakhale munawakaniza mapoto. Anatenga beseni n'kumasambitsa agogo m'manja. Ndinamva hutala. Thiraki yaikulu inakhota kuchoka pamsewu, inaima pakhomo pa tchalitchi, fumbi lonse m'maso mwanu. Wina anakuwa kuti, "Muchotseni, wasochera!" Sanasochere. Anatsika a Domingo, kumbuyo kwawo mkazi wawo. M'manja anagwira chitenje chopindidwa. Anafuula, "Mwini wake wa nguwo iyi ali kupi?"

Ngakhale amene amatakasa mphika anaima.

A Domingo anati, "Ine ndikadafera m'galimoto ngati galu. Mama uyu sanandidziwe, sanakwere ngakhale pasitepe ya galimoto yanga. Anapereka nguwo yake ya kutchalitchi kuti nditchingidwe dzuwa. Ndamva kuti mwamupatsa dzina loipa chifukwa cha ine. Ndani ananena? Abwere anene pamaso panga, pamaso pa mkazi wanga."

Munabwera? Amene mumati malungo sachira ndi chitenje, munabwera? Pakamwa panu panapita kuti?

Mkazi wa a Domingo anayenda mpaka pamtengo wa nimu, anagwada pafumbi pamaso pa amake Tadala, anawagwira manja onyowawo n'kumathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mama, takhuta. Ana anga ali ndi bambo chifukwa cha inu." Nanga mkazi wanga? Misozi yokha. Ine ndimaoneka wolimba, koma ndinakabisala kuseri kwa thiraki.

Kenako a Domingo anatsitsa matumba a mpunga ndi mchere, amene madalaivala anasonkherana kuti athandize okalamba athu. Madalaivala omwe aja! A kwa mahule aja! Mpungawo munadya. Ndinakuonani, ena munabwereza. Sunakutsamweni?

Abale, bodza linayenda pa kabaza, koma choonadi chinabwera pa thiraki, chikuliza hutala. Mulungu amene ndinakangana naye sanandiyankhe ndi mawu, anandiyankha ndi matayala. Ndikumuthokoza. Ndikumuthokoza chifukwa anasunga mkazi wanga, mtima wake sunasweke. Ndikumuthokoza chifukwa anandigwira dzanja sindinamenye munthu, ndipo Abusa akudziwa kuti chimenecho pachokha ndi chozizwitsa.

Mpaka m'mawa uno palibe amene wabwera pakhomo pathu kudzapepesa. Sindikufuna mbuzi, sindikufuna nkhuku. Mkazi wanga akuti anakukhululukirani kale. Ine ndikanali m'njira, mundipempherere. Koma kumathiraki sindisiya, ndipo amene akufuna kudziwa zomwe ndimachita kumeneko abwere yekha ndi ndowa ya madzi, aleke kufunsa akabaza.

Amake Tadala, imirirani. Musachite manyazi, manyazi si anu. Bwerani kutsogolo kuno, benchi yakumbuyo yatha. Onani chitenje avalacho. Mbali inayo yasuluka ndi dzuwa la pazenera, ndipo ndawauza kuti asagule china. Azivala chomwechi Lachinayi lililonse, kuti aliyense wochiona azikumbukira.

Tsopano kondwerani nane, mpingo wa Mulungu! Imirirani nonse! Amake Tadala, yambitsani nyimbo monga kale, ife tivomera. Ndipo inu amayi amene munanong'ona kwambiri, nthungululu yanu ndiyo ndikufuna imveke mpaka kumathiraki. Aleluya!