Nyumba Yanga Aisandutsa Khola

Ine, amene anthu amanditcha Mayi Singano, wa zaka 63, telala, wokhala m'nyumba yakale ya pafamu ya malemu apongozi anga, kumapeto kwa msewu wafumbi, ndikunena izi pano pa polisi:

M'nyumbayi ndinalowamo ndili mtsikana wongokwatiwa kumene. Amuna anga anamwalirira momwemo, ndipo ine sindinasamukepo. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna angawo, akufuna kuigwetsa kuti amangepo mosungira katundu. A ofesi ya mapulani anamuuza kuti chilolezo sichingatuluke ngati m'nyumbamo mukukhala munthu, ndipo anati atumiza woyendera adzaone yekha.

Lachiwiri cha m'ma 7 koloko m'mawa kunabwera mkazi wa mlamuyo pagalimoto. Ameneyu sanandipatsepo moni chimwalirire amuna anga. Anati, "Akulu anga, tiyeni kuchipatala akakuoneni maso. Ndamva kuti ulusi ukumakuvutani kulowetsa." Ndinakwera, ndikumati mwina Mulungu wamukhudza.

Tinabwerako cha m'ma 4 koloko madzulo. Ananditsitsa pamphambano, akuti mafuta achepa. Ndinayenda wapansi nditavala magalasi atsopano, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaona bwino ndi magalasiwo n'chakuti nyumba yanga ilibe denga.

Malata onse anali atachotsedwa. Chitseko anachizula pamodzi ndi felemu. Makina osokera, bedi ndi zovala za makasitomala ndinazipeza kuseri kwa chimbudzi atazifunditsa lona. M'chipinda changa chogona munali mbuzi zisanu, imodzi ikutafuna katani. Pansi anamwazapo udzu ndi ndowe. Ndoweyo inali youma gwa, yochita kututa kwina, kuti zioneke ngati mbuzizo zakhalitsamo.

Mnansi wanga wokhoma zidebe anandiuza kuti anaona mlamuyo ndi amuna ena akukanganula malata. Masana kunafika woyendera uja. Anasuzumira pawindo, n'kujambula zithunzi, n'kufunsa kuti, "Muno mumakhala ndani?" Mlamuyo anati, "Si izo mukuziona nokha, bwana." Mnansiyo atayandikira kuti alankhule, amuna aja anamubweza. Wavomera kudzapereka umboni.

Lachitatu ndinapita ku ofesi ya mapulani. Kalaliki anandiuza kuti woyenderayo walemba kuti ndi khola, ndipo chilolezo chogwetsa chituluka Lolemba. Anati, "Mayi, nyumba yopanda denga si nyumba." Ndinamufunsa ngati iye akavula chipewa amasiya kukhala munthu.

Nditabwerera ndinapeza mlamuyo pakhomo ali ndi chingwe, wabwera kudzatenga mbuzi zake. Anati, "Alamu, musatengere pamtima. Mukakhale kwa mwana wanu kutauni, mwakalamba." Ameneyu ndinkamusokera yunifolomu ali pasukulu, malaya a paukwati wake ndinasoka ndine. Ndinaima pamene panali chitseko, ndipo anabwerera ndi chingwe chake.

Ndakwiya, achimwene, ndipo mulembe momwemo, musachepetse. Ndikudandaula kuti mlamuyo ndi mkazi wake anandithyolera nyumba, anandibera malata, ananamiza ofesi ya mapulani, ndiponso anandinyenga ndi magalasi kuti ndichokepo. Ndikupempha kuti apolisi afike Lolemba lisanakwane.

Mbuzizo ndazisiya momwemo ngati umboni, ndipo ndikuzidyetsa, pakuti zilibe mlandu. Bedi ndalibwezera pamalo pake. Ndikugona nazo limodzi, ambulera ili kumutu. Woyendera uja akadzabweranso adzalowe m'kati, asadzasuzumire pawindo, ndipo adzawerenge bwino: mbuzi zisanu ndi munthu mmodzi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Wodandaula: ______________________
Wolemba umboni: ______________________