Oyamba Kulawa Pulogalamu Yosapsa

Pa mzere wa kwa wokonza makompyuta, mphunzitsi wina wamkazi anali atafungatira laputopu ngati mwana wodwala. Mafunso onse a mayeso a mawa anali m'menemo, ndipo mtima unali m'mwamba. Bambo wina amene anaima pambuyo pake anasuzumira.

"Yatani yanuyo, mayi?"

"Amuna anga anaikamo pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta, ija akuti sanamalize kuipanga. Ati tikhale oyamba kulawa. Pano ikangoyaka, ikuzima yokha. Laputopu yawo sanaikhudze, ati muli zofunika."

"Amenewo ndi anzanga, nanenso ndimayesa zomwezo. Tikapeza vuto timalembera kampani, iwo n'kukonza. Ine ndatumiza malipoti makumi anayi."

"Anakuyankhani angati?"

"Limodzi. Anati zikomo."

"Nanga m'chikwama chanucho mwanyamula chiyani?"

"Ndi laputopu yanga. Kiyibodi yasiya kulemba, koma ndi kavuto kakang'ono."

"Ndiye lipoti lotsatira mulemba ndi chiyani, chala pa fumbi?"

"Musaseke, mayi. Popanda ife oyesa, dziko silingapite patsogolo."

"Dziko lipite, koma ana anga a sukulu alemba chiyani mawa?"

"Mtima pansi. Chinthu chikavuta, mumangodziwitsa amene anachipanga."

"Zimenezo ndachita kale, bambo. Ndaimbira foni apongozi anga, paja amene anawapanga amuna angawo ndi iwowo. Ndipo sanangoti zikomo ngati kampani yanuyo. Akubwera masana ano kudzawakonza."