Mkono wa Akazi Anga

Ndaima pa masiteji a basi ambiri, koma sindinaonepo munthu wosakhazikika ngati bambo uyu. Ankangozungulirazungulira, mpaka mayi wogulitsa nthochi analephera kupirira.

"Bambo, khalani pansi, mukutizunguza mutu. Kwagwanji?"

"Achipatala andiimbira. Ponditulutsa anandipatsa kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi, kamatumiza zotsatira kwa anamwino. Ndiye foni tsiku lililonse: mchere musadye, njinga musapalase. Nditatopa nazo, ndinayamba kumayeza mkono wa akazi anga."

"Inu! Kunamiza anamwino? Ndiye akugwirani?"

"Akanandigwira bwenzi zili bwino. Akuti, 'Bambo, magazi athamanga koopsa, bwerani msanga musanagwe.'"

"Koma mkonowo si wanu!"

"Eya, mayi. Ndi awo asenza chikwama changawo. Akuyesa akundiperekeza."