Batire ya Darkwa ndi Mabotolo Awiri

Tsiku lokagogoda, ndiye kuti kukafunsira ukwati, kwa makolo a mtsikana amene mwana wanga Fosu anamufera, mchimwene wanga Darkwa, malume ake a mwanayo, anaimika galimoto pamphambano kuseri kwa tauni ya Mampong chifukwa kamakina kolozera njira kanali katazima. Ine ndinali kumbuyo, ndipo kutsogolo mlamu wanga Pomaa, mkazi wa Darkwa, anali atafungatira mabotolo awiri a mowa wa shinapu, omwe akafika otsegula, eni mtsikana sakupatsani ngakhale mpando.

"Tifunse amayi akuwotcha nthochiwo," anatero Pomaa.

"Ine? Mkulu wa banja kufunsa njira pamsewu? Tisanafike, mudzi wonse udziwa kuti kukubwera anthu osochera. Batire yatsopano ili m'thumbamu, ndisintha ndekha."

"Munasinthapo, bambo a Konadu?" anafunsa Pomaa, kumutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo.

"Ya wailesi. Ndi chimodzimodzi. Gwira timasikuluwu iti, usataye."

Pomaa anatifumbata n'kukweza chibakera m'mwamba.

"Nanga dzanjalo watani?"

"Ndagwira."

Darkwa anatokosa kamakinako ndi kampeni, chivundikiro n'kuthawira panja kudzera pawindo.

"Waona pomwe chagwera?"

"Munati ndigwire. Zoyang'ana simunanene."

Ndinatsika ine kukasaka chivundikirocho m'udzu, nditavala nsalu yanga yabwino. Ndiye musandifunse chifukwa chake sindinaletse zotsatirazi. Makutu anali kugalimoto, koma maso anali pansi.

Batire inalowa. Kamakina kali zii.

"Ndi dzimbiri ili. Pomaa, ndinyowetsere kansalu ndi sipiliti."

"Sipiliti tilibe."

"Chilichonse chaukali ngati sipiliti."

"Chilichonse?"

"Ndati chilichonse."

"Nanga timasikuluwuti ndiike pati?"

"Aaa, ika m'kamwa ngati ukufuna."

Anaikadi m'kamwa, mkazi wa anthu.

"Mmm? Mmm-mm?"

"Usandiyankhe. Pita."

Pomaa anazungulira kuseri kwa galimoto, n'kukhalitsako ndithu. Atabwera ndi kansalu konyowa, Darkwa anapukutapukuta, ndipo mwadzidzidzi mawu a mayi anamveka m'kamakinamo, akuti tikhotere kumanzere.

"Mwamva? Ndani uja amati tifunse amayi a nthochi? Manja awa, Pomaa, manja awa." Kenaka ananunkhiza zala zake. "Kodi chikununkhachi n'chiyani?"

Pomaa analavulira timasikuluwu m'dzanja. "Shinapu."

"Watsegula botolo?"

"Munati chilichonse chaukali. M'galimoto muno chaukali ndi shinapu ndi inuyo."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinati mmm. Kawiri."

Darkwa anatambasula dzanja. "Bweretsa kuno. Timadontho tiwiri sangazindikire, titsekanso bwinobwino."

Anamupatsa. Mowa unali pansi pa theka.

"Kansalu aka kamwa zonsezi?"

"Kansalu kamwa pang'ono. Koma botolo likatsegulidwa, oyamba kumwa ndi mizimu ya makolo. Ndathira pansi."

"Amathira kadontho."

"Kadontho aliyense. Ndawatchula onse a kwanu, mmodzimmodzi. Anthu inu munafa ambiri."

"Ndinakutuma nsembe ine?"

"Mumafuna ndipukutire makina ndi mowa, malemu malume anu a Sakyi akuyang'ana kukhosi kuli gwa? Pa tsiku ngati lino?"

Darkwa anapukuta thukuta ndi kansalu komweko. "Chabwino. Linalo lilipo. Tikapepesa kuti limodzi lasweka m'mabampu."

Pomaa anayamba kuyang'ana amayi a nthochi aja.

"Pomaa."

"Wawa."

"Linalo lili kuti?"

"Lilipo. Botolo lake."

"Nanga za m'kati?"

"Bambo a Konadu, makolo a kwanu si a kwathu. Ndikanamwetsa anu, anga n'kumangoonerera?"

"Ukanawathirira wa m'botolo lomwelo!"

"Botolo limodzi? Agogo anga ndi amayi anu sankapatsana moni ali moyo. Mukufuna akayambanire kumeneko?"

Ine ndinangokhala pansi m'udzu momwemo. Mkwiyo unandigwira, chisoni n'kubwera pambuyo. Mwana wanga anali ataonda ndi mtsikana ameneyu, ngakhale nsima ya fufu osadya, ndipo nthawi imeneyo anali kunyumba, foni ili m'manja, akudikira kumva kuti atilandira.

"Palibe chalakwika," anatero Darkwa, mawu atachepa. "Tigula ena. Palibe amene adziwe. Mowa amagulitsa pati kuno?"

"Malo amodzi okha chigawo chonsechi. Fosu anandiuza."

"Pati?"

"Pasitolo ya bambo ake a mtsikanayo. Amagulitsa okha."

"Ndiye ukuti ndikagule kwa iwo, ndituluke, ndizungulire nyumba, ndikagogode, n'kuwapatsa mowa wawo womwewo?"

"Akalandira. Akhala akudziwa kuti sunatsegulidwe."

Darkwa anagoneka chipumi pachiwongolero. Mayi wa m'kamakina uja anabwerezanso, mwaulemu wake wonse, kuti tikhotere kumanzere.

"Musadandaule, mwakonza bwino," anatero Pomaa, akumusisita paphewa. "Simufunsa munthu njira. Kakatifikitsa pakhomo pawo penipeni."