Ndinkapempherera Mnzanga Kuti Achite Manyazi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Matenda anga sanali a m'thupi. Inali nsanje, ndipo inatsala pang'ono kundimaliza.

Ndagwira ukalaliki zaka zambiri pa ofesi ya esiteti ina ya fodya ku Santhe, kulemba makalata ndi malipoti. Anabanda, mayi amene timapemphera mpingo umodzi, ndine ndinawapezera ntchito pamenepo, kutaipa komwe ndinawaphunzitsa ndine. Kenaka kunabwera nzeru za pakompyuta zija amati AI. Ine ndinazinyoza, iwo anaziphunzira. Lipoti lomwe ndinkalimbana nalo masiku awiri, iwo ankalimaliza tiyi asanazizire. Bwana anawakweza, n'kuwapatsa chipinda chawochawo.

Mtima unandiwawa. Ndikamva bwana akuwayamikira, chakudya sichinkatsika. Kumsonkhano wa amayi kutchalitchi ndinasamuka benchi kuti ndisakhale nawo pafupi. Ndikuulula lero kuti ndinagwadapo n'kupempha Mulungu kuti makinawo awanamize, achite manyazi pamaso pa bwana.

Nthawi yofesa nazale itayandikira, bwana anandiuza kuti ntchito yanga itha pakutha pa mwezi. Ndinangoti basi, Anabanda andidyera miseche. Masana amenewo ndinakabisala kuseri kwa chigafa cha fodya n'kulira ngati pamaliro. Pemphero lokongola ndinalibe. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa ndi mtima umenewu, uchotseni."

Lachisanu bwana anandiitananso. "Mayi Phiri, simuchoka. Anzanuwa sanandipatse mpumulo sabata yonse."

Nkhani yake inali yakuti makina aja analemba malangizo a mankhwala a panazale m'Chichewa chokhotakhota, moti matenanti, makamaka ochokera kumpoto, sanatolepo kanthu. Anabanda anauza bwana kuti pakufunika munthu wodziwa kayankhulidwe ka alimi, ndi Chitumbuka chomwe, woti aziwerenga zonse zisanapite kuminda. Anatchula ine. Ananenetsa kuti ndikachotsedwa, nawonso asiya.

Ndinalowa m'chipinda cha Anabanda. "Anabanda, ine ndinkakupemphererani zoipa."

Iwo anati, "Ndinkaona kuti mukuvutika, amayi. Kokani mpando, ndikuonetseni mmene zimayendera."

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anakana pemphero langa loyamba lija. Akanaliyankha, bwenzi palibe wondiyankhulira kwa bwana. Inu amene mnzanu wakupitirirani kuntchito ndipo mtima ukukuwawani, musaleke kugwada. Koma musanamutchule mnzanuyo kwa Ambuye, yambani mwadzitchula nokha.