Lenti Yomwe Inajambula Apongozi Anga

Chaka chotsatira mtendere, pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi mitolo ili pamutu, minda yathu itasanduka tchire, m'Insaca muno munali makina ojambulira amodzi okha ogwira ntchito, ndipo anali angawa. Eya, awa omwe mukuwaseka kuti akuoneka ngati njerwa. Iwe Amisi, abwezere pamphasa, wawagwira ngati nsomba yapamsika. Ukufuna kukwatira mdzukulu wanga, ndiye uyambe kulemekeza akuluakulu a pakhomo pano, ndipo makinawo ndi aakulu kuposa bambo ako.

Ndakhala ndikukumvani kuyambira m'mawa muja mukukangana pakhonde pano, mitu itagundana pa foni ya Zainabu. Akuti kukubwera kamera yatsopano ya mtundu waukulu, yosadya filimu, ndipo palibe mmodzi mwa inu amene waigwirapo, koma aliyense akuikamba ngati anakula nayo nyumba imodzi. Amisi akuti mtengo wake udzafanana ndi wa shapa, minibasi ija yoyenda pakati pa Insaca ndi Cuamba, matayala ndi dalaivala womwe. Zainabu akuti ayi, zinthu zimenezi zimayamba zodula kenako n'kutsika, ndipo iye ndi anzake ojambula maukwati ku Nampula adzasonkherana n'kugula imodzi yoti ina yagwirapo kale ntchito. Ine ndikuti nonse mukunama pang'ono. Idzatsika ndithu, koma osati chaka chino, ndipo ikadzatsika opangawo adzakhala atatulutsa inzake yoti mudzayambirenso kumeza mate.

Komanso ndikudziwa chimene wabwerera kuno, mdzukulu wanga, usandinamize kuti wadzaona nyamakazi yanga. Wabwerera lenti iyi, diso la makina angawa. Wamva kuti kuli kamphete kolumikizira kamene kamakhazika diso lakale pa kamera yatsopano, ndipo ukatenga langali ndiye kuti wapulumuka kugula latsopano, limene akuti nalonso mtengo wake ndi wothyola msana. Sindinakane, komanso sindinavomere. Khala kaye pansi umve zimene diso limeneli linaona, kenako ndikufunsa funso limodzi.

Makinawa anandigulitsa ndi mmwenye wina wa sitolo ya zithunzi ku Cuamba pomwe ankasamuka, ndipo nkhondo itafika ndinawakulunga m'nsalu n'kuthawa nawo, agogo anu a Halima akunyinyirika njira yonse kuti amuna awo asiya mphika n'kunyamula njerwa. Inu lero mumajambula zithunzi mazana pa ukwati umodzi, n'kufufuta zambiri musanafike kunyumba, koma ine rolo imodzi ya filimu inkandipatsa zithunzi khumi ndi ziwiri basi, ndipo chala chinkaganiza kaye chisanadinde. Ubwino wake unali woti filimuyo inali yaikulu, chithunzi chilichonse choposa bokosi la machesi, moti sindinkafuna magetsi. Ndinkalowa m'kachipinda komwe ndinamata ming'alu yonse ndi dothi, kutsuka filimu m'mankhwala, ikauma n'kuigoneka pa pepala, kutsegula kazenera pang'ono, kuwerenga mpaka zisanu, kutseka. Dzuwa la Mulungu ndilo linali magetsi anga. Ndipo taonani kagwiridwe kake: sumawaika kumaso ayi, umawagwira pamimba chonchi, n'kutsegula kachitseko aka ka pamwamba, n'kuweramitsa mutu kuyang'ana pagalasi lili mkatimu.

Tsono chaka chimenecho kunabwera gulu la boma lodzalemba anthu mabilyeti, zitupa zija, chifukwa mapepala a anthu ambiri anapsera m'nyumba. Anati akhala masiku atatu okha, ndipo aliyense abwere ndi chithunzi chake. Pakhomo pano panadzaza, ana anga, mzere unafika pa mtengo wa mango uwo, asodzi a ku Amaramba atatsamiritsa njinga zawo kumpanda, madengu akununkha nsomba. Ndinajambula mashehe, ndinajambula aphunzitsi, ndinajambula ngakhale munthu amene anandilanda mbuzi nkhondo isanayambe. Koma panatsala munthu mmodzi amene chithunzi ankachifuna kuposa onse, Abiti Saidi, amayi awo a agogo anuwa, apongozi anga.

Mwana wawo womaliza, Mariamu, anakwatiwa ku Malawi n'kutsalira komweko, ndipo uthenga unali utafika woti wabereka mapasa, thupi silili bwino, akulira amayi ake. Pachipata cha m'malire cha Entre Lagos sankadutsitsa munthu wopanda pepala, ndipo njira zachidule za m'tchire masiku amenewo zinali ndi mabomba okwirira, sukanatumako munthu wachikulire. Popanda chithunzi panalibe pepala, ndipo wojambula ndinali ine ndekha.

Mukufunsa kuti vuto linali pati? Inu a masiku ano mumadya ndi apongozi mbale imodzi, kujambulitsa nawo mutakolekana m'khosi, ndipo sindikuti n'zoipa. Koma ife mkamwini ndi apongozi sankayang'anana kumaso. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanja, nkhope yawo ndinali ndisanaionepo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'udzu atafunda nsalu kumutu, ine n'kutembenukira uko ngati ndaona chinthu chofunika kwambiri mumtengo. Ku msasa wa othawa nkhondo, komwe zisakasa zinali zogundana, tinkachita kutsokomola potuluka kuti tisakumanizane pakhomo. Mawu onse ankadzera mwa a Halima. Sichinali chidani ayi, ndinkawakonda mayi amene aja, ndipo nkhuku yonona pakhomo pawo inkaphedwera ine.

A Halima anapita kuseri kwa nkhokwe komwe amayi awo anakhala atafulatira, n'kubwerako.

"Amayi akuti angakhale bwanji maso tong'o pamaso pa mkamwini wawo? Akuti bola adutse m'tchire."

"Kawauzeni kuti ine sindiyang'ana. Ndapeza nzeru."

Nzeru yake imvereni, chifukwa ndinkadziona ngati injiniya. Ndinakhazika a Halima pampando kutsogolo kwa nsalu yoyera, ndinaika makina pa miyendo yake itatu, ndinapotoza lenti mpaka nkhope yawo itaoneka bwino pagalasi, kenako n'kutseka kachitseko. Ndinati tsopano adzuke, amayi akhale pomwepo, ine nditembenukira kukhoma, dzanja lokha ndilo lidinda. Zinachitikadi momwemo. Ndinamva nsalu ikukhwekhwereza, mpando n'kulira, a Halima n'kunena kuti "akhala," ine diso lili kukhoma n'kudinda, ndipo chinali chithunzi chomaliza pa rolo imeneyo.

Chimene injiniya anaiwala n'chakuti Abiti Saidi anali wamfupi kuposa mwana wawo, ndipo ndikanadziwa bwanji, munthu sindinkamuyang'ana? Komanso ndi manyazi aja anakhala chofwinyirira. Nditatsuka, pachithunzi panatuluka nsalu yoyera mbee, ndipo m'munsi mwenimweni mpango, chipumi ndi maso awiri akusuzumira, ngati mvuu ya ku Amaramba, Mulungu andikhululukire ndipo awagoneke pabwino. A Halima anachitengabe kupita nacho kwa olemba aja, poti mwina mwayi. Mlembi anachiyang'ana, kuchitembenuza, n'kunena kuti, "Mayi, boma limafunanso mphuno ndi pakamwa."

Sekani, sekani, ngakhale ine lero ndikuseka, koma tsiku limenelo panalibe choseketsa. Linali tsiku lachitatu, olembawo anali atanena kuti dzuwa likapendeka akwera galimoto, ine ndinali ndi rolo imodzi yotsala ndipo mankhwala anali atafooka, oti atsuka kamodzi kokha. A Halima anakhala pakhonde pomwe wakhalapo iwe Amisi, misozi ili chuchuchu, akuganiza za mng'ono wawo. Ine ndinaimirira pafupi ndi makina ngati chitsiru, osadziwa kuti ndiyeze msinkhu wa apongozi ndi chingwe kapena ndiike njerwa pansi pa mpando.

Kenako kumbuyo kwanga kunamveka mawu amene sanalankhulepo ndi ine chikwatirire.

"Bambo ake Asiyatu."

Asiyatu ndiye amayi ako, Zainabu, nthawi imeneyo ali kamtsikana. Ine ndinagwada pomwepo nditafulatira.

"Wawa, amayi."

"Ndakhala ndikukuonani masiku atatu ano kudzera pampanda. Anthu onsewa mukuwajambula mutaweramitsa mutu. M'bokosi mwanumo mumaona munthu, kapena mthunzi wake?"

"Mthunzi wake, amayi, pagalasi."

"Mthunzi ulibe mkamwini. Yang'anani m'bokosimo, koma mutuwo usadzuke."

Mwaona? Zimene ine mwini makina sindinaziganize, anaziganiza ndi mayi woti sukulu sanaipondeko. Anakhala pampando, ine ndinatembenuka mutu uli pansi, n'kutsegula kachitseko. Tsono galasi limeneli lili ndi khalidwe lake, limaonetsa zinthu motembenuza, za kumanja zimaoneka kumanzere. Ndinali nditalizolowera kwa zaka, koma tsiku limenelo linandisokoneza, ndikati ndiwatsate kuno makina akupita uko, mpaka pagalasi panaoneka mbuzi yomwe inamangidwa kumpanda.

"Halima," anatero apongozi, "afunse amuna ako ngati bilyeti akupangira ine kapena mbuzi."

Ndinapuma, n'kubweza makina pang'onopang'ono, n'kuwapeza. Poyamba anali chimbuuzi chokhachokha, ndiye ndinayamba kupotoza lenti iyi, iyi yomweyi, ndipo nkhope inayamba kutuluka, mphuno, masaya, timizere ta m'mbali mwa maso, mpaka inaima bwinobwino. Ana anga, ndinaona nkhope ya mkazi wanga itakalamba, yokongola, ndipo milomo yawo inkanjenjemera chifukwa ankalimbana ndi chiseko. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kuseri kwa nsalu kuja kuli munthu waukali, osadziwa kuti kuli munthu wanthabwala kuposa tonse pakhomo. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe moti galasi linayamba kuoneka mwa misozi. Ndinati, "Musapume, amayi," n'kudinda kawiri, ndipo nditangoti "zatha," chiseko chinaphulika, iwo, a Halima, ndi amayi ena omwe ankasuzumira kumpanda, ine ndikusekera m'bokosi mutu uli pansi.

Chithunzi chinatuluka, chotuwa pang'ono chifukwa cha mankhwala aja, koma mphuno ndi pakamwa zinalipo. A Halima anathamanga nacho chisanaumitsitse, anawapeza olembawo akumanga katundu, ndipo anawadindira kapepala kodutsira poyembekeza bilyeti yeniyeni. M'mawa mwake apongozi anadutsa pa Entre Lagos, anakalera mapasa aja miyezi iwiri, Mariamu anachira, ndipo mapasawo ndi aja amabwera pa Idi ndi ana awo n'kutimalizira mpunga. Musaganize kuti mwambo unatha. Atabwerako tinapitiriza kupatukirana panjira mpaka tsiku lomwe anatisiya, koma kuyambira pamenepo, akapatukira m'udzu, ndinkamva kachiseko pansi pa nsalu.

Tsopano tibwerere ku kamera yanuyo. Za kamphete ndikukhulupirira, chitsulo ndi chitsulo, amisiri akafuna chimalumikizika. Koma usayembekeze kuti diso ili lidzadzipotoza lokha monga amachitira atsopanowa, lidzafuna dzanja lako, ndipo lidzakuchedwetsa. Wandiuzanso kuti kachipande kogwira kuwala m'kamera yatsopanoyo n'kocheperako poyerekeza ndi filimu yanga, ngakhale akuitchula yaikulu. Ngati zili choncho, diso ili lidzaona mopanikiza, udzafunika kubwerera m'mbuyo mapazi angapo, apo ayi akuchikazi adzatuluka koma akuchimuna n'kudukira kunja, ukwati n'kuyamba ndi mlandu. Amisi akuti galasi lakale silingakwanitse, poti kamera yatsopano imawerenga ngakhale tsitsi la m'mphuno. Mwina akunena zoona, sindinaiyese. Koma ndani anapitapo kwa wojambula kukapempha tsitsi la m'mphuno?

Funso langa ndi ili, Zainabu, ndipo undiyankhe moona. Kagalasi kakumbuyo kwa kamera yatsopanoyo, koonerapo chithunzi kaja, kamamatirira pomwepo kuti uzichita kuloza anthu kumaso ngati mfuti, kapena kamatha kudzuka kuti makina uwagwire pamimba? Tandionetsa pa foni yakoyo. Bweretsa pafupi, maso anatha awa. Kuteroko kamapindika, n'kuyang'ana kumwamba? Iii, ndiye opangawo ali ndi apongozi nawonso!

Basi, tambasula manja, onse awiri. Taona mmene lentiyi imachokera, umadina apa n'kupotoza pang'ono. Tenga, mwana wa mwana wanga, ndakupatsa ndi mtima woyera, ndipo ndasangalala kuti sikafera m'sutukesi pamodzi ndi ine. Uziipukuta ndi nsalu yofewa, nthawi ya mvula uziionetsa kadzuwa kuti isachite nkhungu. Ukapita kukajambula anthu achikulire, kapena aliyense wamanyazi, usathamangire kudinda. Tsitsa makina, weramitsa mutu, uwapatse nthawi, nkhope yawo yeniyeni idzabwera yokha.

Ndipo kamerayo ikadzapezeka, chithunzi choyamba usakachiwonongere pa mkwati wa eni. Ukwere sitima ubwere nayo kuno. Agogo ako a Halima ali kuseriko akusenda chinangwa, ndipo nkhope imene ali nayo lero ndi yomwe ija ndinaiona pagalasi tsiku lija. Ndikufuna diso limeneli liionenso kachiwiri. Tsono kawauze anzako a ku Nampula asachedwe kusonkherana, ife awiri tikudikira, koma sitingalonjeze kuti tidikira mpaka mtengo utatsika.