Mafuta Pamchenga

Ndikudikira bwenzi langa lochedwa pasiteji ya Nkope, bambo wina anawerama pamene panangochoka galimoto ya matola, nkununkhiza mchenga wonyowa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, galimoto yanyamukayi mukuidziwa?"

"Ndi ya a Bakali. Aikonzetsa dzulo, mashoko atsopano, matayala awongola. Yasiya kugwedeza."

"Awa si madzi, ndi mafuta a mabuleki. Adontha pomwe panali tayala lakutsogolo. Pomanga mashoko ayenera kuti anasiya paipi ikukhula tayala."

"Ndiye kuti chiyani, bambo?"

"Iima kawiri, mwina katatu. Kenako akaponda mabuleki, phazi lingolowa pansi. Nambala yawo ya foni muli nayo?"

"Ndilibe. Ndakwezamo ana anga awiri. Ndachita kupempha kuti akhale kutsogolo."